Chipinda Choyang'ana Kum'mawa

Atate anga anali ndi khalidwe limodzi limene linkandipsetsa mtima koopsa: chilichonse ankachiyeza ndi mabuloko omangira nyumba. Ndikatsika m'takisi pakhomo, iwo ali pakampando kawo, ankangoti, "Mabuloko atatu awo, amai." Akaona pepala la mafuta lokulungira chipisi m'chikwama changa, "Buloko limodzi." Ndikachokera ku saluni, tsitsi litawongoledwa ndi chipeso chamoto, ankandiyang'ana m'mutu nthawi yaitali, kenako n'kupukusa mutu. "Ha! Khoma lonse mwalisenza pamutu." Ankanditcha amai chifukwa anandipatsa dzina la amayi awo, ndipo akafuna kundinyogodola ankandilankhula ndi ulemu wonse wa munthu wamkulu. Ine magazi ankachita kuwira.

Anali mmisiri womanga nyumba. Anachoka kwawo ku Katete ali mnyamata, n'kuthera moyo wawo wonse akumanga nyumba za eni ku Woodlands ndi ku Kabulonga, poyamba za azungu, ufulu utabwera za mabwana athu akuda. Yawoyawo analibe. Ife tinakulira ku Kabwata m'nyumba imene ankalipira kontilakitala wawo, ndipo msana utawakana n'kusiya ntchito, nyumbayo inapita kwa mmisiri wina. Amayi anali atamwalira kale, alongo anga awiri ali ku migodi ndi mabanja awo. Tinatsala awiri, ine ndi atate, m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba ya munthu wa ku mpingo wathu ku Kabwata komweko, titachidula pakati ndi chitenje. Anthu ankati, bwanji mkuluyu osabwerera kumudzi? Kumudzi kwake kuti? Munda umene anali nawo unali wa kuchikamwini, ndipo mkazi atafa, mkamwini alibenso chake. Kwawo kwenikweni kunatsala manda ndi ana a alongo awo osawadziwa ndi nkhope yomwe.

Ine ndinali taipisiti mu ofesi ina m'tauni, kufupi ndi Cairo Road. Atamva kuti akugawa mapoloti ku Kaunda Square, atate ndiwo anapalasa njinga kukatenga mafomu. Ankafuna munthu wokhala ndi pepala la malipiro, choncho poloti inatuluka m'dzina langa. Lamulo lake linali losavuta kumva: malo akupatsa, mpopi wa madzi uli pafupi, kumanga umanga wekha, koma ukachedwetsa osaika denga loti munthu n'kugonamo, malowo apereka kwa wina amene ali pamzere.

Tsiku loyamba kukaona malowo, kunali udzu wofika m'chiuno ndi chulu pakona. Atate anathyola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. Apa pabalaza, apa khitchini, apa chipinda changa. Kenako anajambula kachipinda kena chakum'mawa, n'kukaikira khomo lakelake lotulukira kunja.

"Aka n'kanga," anatero. "Dzuwa likamatuluka lizindiwotha msana. Khomoli ndaika kunja kuti ukadzakwatiwa ndisamapondane ndi mkamwini pakhomo limodzi. N'zamanyazi zimenezo."

Kenako anandiuza mbali yanga. Akamanena zenizeni ankasiya za amai zija.

"Iwe mwana, manja ndili nawo, chikombole choumbira ndili nacho, mchenga ndikatuta ndekha kukhwawa. Iwe uzingogula poketi imodzi ya simenti ukafola malipiro, ndipo Loweruka uzibwera kudzandithandiza kuthirira mabuloko. Basi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha."

Thumba limodzi la simenti pamwezi, ndi tsiku limodzi pasabata. Mundimvetse bwino, malipiro anga ankakwana. Sindinganamizire boma, sindinganamizire mkuwa umene unagwa mtengo zaka zimenezo, ngakhale ndakhala ndikuunamizira nthawi zambiri pocheza ndi anthu.

Miyezi yoyambirira ndinkachita bwino. Ndinkavala chitenje, kutunga madzi pampopi, kuthirira mabuloko atandandalikidwa pamzere. Buloko lililonse likadali lonyowa, atate ankalidinda chala chawo chachikulu pakona, chifukwa kumapoloti kunali akuba, ndipo ankati akadzapeza chala chawo pakhoma la munthu adzakambirana naye bwino. Maziko anatha. Makoma anayamba kukwera, kufika m'mawondo, kufika m'chiuno. Masana tinkakhala pachulu paja kudya mbatata yophika, iwo akundifotokozera nyumba za ku Kabulonga zimene anamanga, iyi ili ndi bafa ziwiri, iyi mwini wake anali wouma manja. 

Zinayamba ndi mbatata yomweyo. Ku ofesi kunali mnzanga wina, sekilitale wa bwana wamkulu, mkazi wa munthu wolemera wa ku Kabulonga. Ntchito ankangogwira kuti asatope ndi kukhala pakhomo. Sanali munthu woipa, ayi, ndipo sindimuimba mlandu. Tsiku lina anandipeza ndikutsegula kachitini kanga ka mbatata pambali pa makina otaipira.

"Iwe, uzadya kandolo mu ofesi? Awe mwandi! Bwela, tiye ku chipisi."

Ndinapita. Mawa lake ndinapitanso. Sabata itatha, kachitini kaja ndinali nditakasiya pansi pa bedi. Chipisi sichiyenda chokha, chimafuna soseji ndi chakumwa cha m'botolo. Munthu wodya ndi masekilitale sangaime pamzere wa basi dzuwa likumuwamba, ndiye mvula ikagwa takisi, ndikachedwa kudzuka takisi, kenako takisi popanda chifukwa chilichonse. Masitokingi ankang'ambika Lachiwiri lililonse ngati olodzedwa. Panalinso timagazini ta zithunzi ta nkhani za chikondi, tonama tokhatokha, koma ndikaphonya kamodzi ndinkadwala. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinali chodula. Ndi mawu amene ndinkadziuza tsiku ndi tsiku: ka ngwee chabe aka. Koma mwezi ukafika pakati, chikwama chili pululu, simenti n'kukhala ya mwezi wamawa.

Chimene chinanditsiriza ndi makhitchini pate. Nthawi imeneyo anali atangoyamba kutchuka mu Lusaka. Mtsikana akatsala pang'ono kukwatiwa, azimayi okhaokha ankasonkhana Loweruka masana kudzamupatsa ziwiya za kukhitchini. Mkwatibwi ankakhala pamphasa atawerama, ng'oma zikulira, ndipo mayi woyendetsa mwambo, amene tinkamutcha matironi, ankanyamula mphatso imodziimodzi n'kufuula kuti mwini wake abwere. Ukaitanidwa unkamanga chitenje m'chiuno, kuvina mpaka pakati, kumasula mphatso yako pamaso pa anthu onse, kugwada, n'kumuuza mkwatibwi ntchito yake. Wokana kuvina ankalipa. Ndiye taganizani, mphatso yako ikuonetsedwa kubwalo lonse. Ungapite ndi mthiko? Ungapite ndi tsitsi la sabata yatha, diresi limene anakuona nalo kwa uje?

Tsono ine kuvina ndinkatha, pamenepo sindidzichepetsa. Chiuno cha kum'mawa sichiphunziridwa m'tauni. Ndikalowa m'bwalo azimayi ankaimirira, nthungululu mpaka kumsewu. Makadi oitanira anayamba kundipeza pa desiki, ena a atsikana amene sindinawaonepo chibadwire. Woodlands, Chelstone, Avondale, konse ndinafika. Loweruka lililonse m'mawa ku saluni, masana ku pate, ndipo ku Kaunda Square atate ankatunga okha madzi ndi msana wawo uja.

Tsiku lina madzulo ndikusita diresi, iwo anayamba nyimbo yawo.

"Amai, kapu zimene mwakulungazo, mabuloko angati?"

"Atate, kupatsa n'kuika," ndinayankha. "Zonsezi zidzabwerera tsiku langa likadzafika."

"Zidzabwerera, inde. Nanga Loweruka limabwerera?"

Pamenepo ndinaphulika. Ndinaika nsimbi pansi mwamphamvu mpaka makala anathothoka.

"Kodi ndalamazi amataipa ndani, ine kapena inu? Ndatopa nawo mabuloko anuwo! Munthu asadye, asavale, asaseke, chifukwa cha mabuloko? Zaka zonse munamanga nyumba za anthu, bwanji simunamange yanu?"

Mayo ine, pakamwa panga! Atate anatola makala aja ndi zala n'kuwabwezera m'nsimbi, kenako analowa kuseri kwa chitenje. Kuyambira tsiku limenelo sanandiwerengerenso buloko ngakhale limodzi. Ndipo ine, chitsiru, ndinakondwa kuti ndapeza mtendere.

Kenaka simenti inayamba kusowa, monga zinkasowera sopo, shuga ndi saladi wophikira. Ukamva kuti yafika pasitolo yakuti, unkathamanga, ndipo pofika madzulo inali itatha. Makoma athu anaima pa mawindo. Udzu unayamba kumera pabalaza. Ndiye kunabwera kalata yochokera ku ofesi ya mapoloti, yonena kuti tikapanda kuika denga ngakhale pa zipinda ziwiri nyengo ya mvula isanathe, poloti ipita kwa wina. Ndinawawerengera atate. Anandipempha kuti ndibwereze, ndinabwereza.

Mwayi unalipo. Ku ofesi tinali ndi chilimba, chija chosonkherana ndalama mwezi ndi mwezi n'kumapatsa mmodzi, ndipo mwezi umenewo inali nthawi yanga. Zinali zokwana kugula simenti yofikitsa makoma pamwamba, malata tikanaona pambuyo. Sabata yomweyo atate anamva kwa amisiri anzawo kuti Loweruka simenti ifika pasitolo ina m'tauni. Anapangana ndi munthu wa kalole kuti adzanyamule. Lachisanu anandiuza mawu ochepa.

"Iwe mwana, ine ndilawirira kupoloti kukasefa mchenga. Iwe ukaime pamzere. Ndikakudikira."

Ndinapitadi, Mulungu ndi mboni. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa, ndalama nditazimangirira m'kansalu pachifuwa. Mzere unali wautali, wa azibambo onunkha thukuta, ukuyenda pang'onopang'ono. Ndiye galimoto inaima pambali, ndipo anali mnzanga uja wa ku Kabulonga.

"Iwe! Uchita chani pa laini ya simenti? Waibala lelo ni pate ya mwana wa ba bwana?"

Sindinaiwale. Khadi linali m'chikwama, pamodzi ndi timasupuni tisanu ndi kamodzi timene ndinagula motchipa, ndikuganiza kuti ndikangotumiza. Ndinamuonetsa. Anaseka mpaka kugwira chiwongolero.

"Utu? Kuzankala bakazi ba maminisita kuja! Matironi azaitana zina yako, uzavina na tumasupuni? Kwela, simenti uzagula pa Mande."

Palibe amene anandikoka dzanja. Ndinayang'ana mzere, ndinayang'ana galimoto, n'kutuluka ndekha ndi miyendo yanga. Bambo amene anali kumbuyo kwanga anafunsa ngati andisungire malo. Ndinati ndibwera msangamsanga. Tinapita pasitolo ya mmwenye wina kumene ndinagula mapoto a enamelo asanu, olowana, a maluwa ofiira. Zotsala zinapita ku saluni, ku nsapato, ndi kwa oimba ng'oma amene ndinawafupa ngati mwana wa mfumu.

Ndipo ndinavina tsiku limenelo! Pabwalo la udzu wometa bwino, mkati mwa mpanda wautali, mwina nyumba imene anamanga atate omwe, sindidziwa. Mapoto aja atamasulidwa, anthu anaombera m'manja. Mayi wina wonenepa wa zibangili zagolide anandikumbatira n'kunditcha mwana wake. Ndinakondwa, ndisaname. Ndinakondwa kwambiri.

Ndinafika ku Kabwata dzuwa likulowa. Patapita kanthawi atate anatulukira akukankha njinga, osakwera, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anaitsamiritsa pakhoma.

"Simenti?"

"Inatha, atate. Ndinaima mpaka masana, inathera anthu a patsogolo panga."

Anandiyang'ana m'mutu, tsitsi lili nyezinyezi ndi mafuta a ku saluni. Anayang'ana nsapato. Ndinkadikira kuti anene za mabuloko, ndinkachita kufuna kuti anene, kuti ndipse mtima ndipepukidwe. Sananene.

"Oo," anatero. "Mchenga ndasefa wonse. Mgolo ndadzaza madzi. Wa kalole uja anadikira mpaka dzuwa kupendeka, ndamupatsa ya mafuta." Kenako anapempha madzi osamba.

Lolemba simenti inali itathadi, ndipo ngakhale ikanakhalapo, ndikanagula ndi chiyani? Itabweranso inali ya kuseri, mtengo wake wosayandikika. Ndinasiya chipisi, ndinasiya takisi, ndinatulutsa kachitini kaja pansi pa bedi kali ndi dzimbiri. Zimene ndinkati sindingathe kukhala popanda izo, ndinazisiya sabata imodzi, osafa. Chimenecho ndicho chimandipweteka kwambiri, kuti zinali zosavuta chotero. Ndinagula poketi imodzi, kenako ina, koma mvula inali itayamba, ndipo m'mawa wina atate akumanga nsapato kuti apite kupoloti, anagwa cham'mbali. Sitiroko. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka.

Kalata yachiwiri itabwera ndinapita ku ofesi ya mapoloti nditakwiya ngati wolakwiridwa ndine. Ndinamenya tebulo, ndinatchula atate odwala, ndinatchula kusowa kwa simenti. Kalaliki wake, bambo wachikulire wofatsa, anandisiya ndilankhule mpaka nditamaliza. Kenako anatsegula faelo n'kundionetsa tsiku limene ndinalandira poloti.

"Amai, anzanu amene munalandira nawo limodzi akugona m'nyumba zawo. Simenti inasowa kwa onse. Inu zaka zonsezi munali kuti?"

Ndikanati chiyani? Kuti ndinali kuvina? Ndinatola chikwama changa n'kutuluka. Amene anapatsidwa malowo anatipatsako kangachepe ka mabuloko ndi maziko, ndipo kanathera ku mankhwala ndi ku matakisi opita ndi atate kuchipatala.

Patapita zaka ziwiri ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wina, munthu wabwino, ndipo tsiku langa lija linafika. Anzanga sanandichititse manyazi, zoona ndinene. Anabwera onse amene ndinawavinira, ndi mphatso zawo. Mapoto, mbale zadothi, mafulasiki anayi, mathireyi, makapu osawerengeka. Kupatsa n'kuikadi. Tinanyamula zonse pa kalole kupita ku Chelstone, kumene tinapeza lendi m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya munthu. Zipinda ziwiri, khomo limodzi, kophikira panja pa mbaula. Chipinda chamkati tinkagona ife. Chakunja, chimene chinali pabalaza ndi njira yomwe, ndimo munali matiresi a atate. Mwamuna wanga akamapita ku ntchito ankachita kulambalala miyendo ya apongozi ake, onse awiri atayang'ana kumbali.

Makatoni a mphatso aja tinawasanja m'chipinda cha atatecho, poti kwina kunalibe. Anafika mpaka pawindo n'kutseka kuwala. Atate anagona chagada akuyang'ana mulu umenewo, kenako anandikodola ndi dzanja lamoyo lija. Mawu awo anali atayamba kuvuta kumva, ndiye ndinagwada pafupi.

"Zabwereradi, amai," anatero. "Tsono tiziika kuti?"

Ngakhale anati amai, sananene mwachipongwe. Ankafunsa zenizeni, ngati mmisiri amene akuona katundu wopanda malo. Ine ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa chimbudzi. Anamwalira m'chipinda chomwecho chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, pakati pa khoma ndi makatoni a mapoto.

Mapoto amenewo ndayenda nawo m'nyumba za lendi zambiri, ndipo ena mpaka lero sanaikidwepo pamoto. Ana anga amandiseka kuti ndine wouma manja, kuti ndimakwera minibasi ndi mbatata m'chikwama. Asekeni. Akagula tinthu tawo ta m'mabotolo ndimamva mawu akukwera pakhosi, buloko limodzi ilo, koma ndimawameza, chifukwa ndikudziwa yankho limene mwana amapereka.

Ku Kaunda Square ndinapitako kamodzi kokha, patapita zaka zambiri, ndikuchokera kumaliro a munthu wa ku mpingo. Miyendo inangonditengera. Chulu chija anachigumula, koma nyumba ndinaizindikira msanga, chifukwa anaimanga pa maziko omwe aja osasintha kanthu. Kutsogolo anapaka pulasitala ndi penti, koma khoma la m'mbali linali losapaka. Ndinawerama. Kuyambira pansi mpaka pawindo, buloko lililonse linali ndi chala cha atate pakona. Ndinaika chala changa m'kadzenje kamodzi, chinalowa n'kutsala malo.

Mayi wa panyumbapo anatuluka n'kundifunsa ngati ndikufuna munthu. Ndinati ayi, ndangotopa, andipatseko madzi akumwa. Anabweretsa m'kapu, ndipo poona kuti ndikuyang'ana khoma, anati, "Amene anaumba mabuloko apansiwa anali mmisiri. Msomali sulowa. Apamwambawa tinagula, angofumbutuka."

Ndinamufunsa za kachipinda ka khomo lakunja.

"Tinakapeza kali kojambulidwa kale pa maziko," anatero. "Kanatithandiza. Mumagona atate anga, anabwera kuchokera kumudzi amayi atamwalira. Amakonda pamenepo chifukwa cha dzuwa la m'mawa."

Ndinasuzumira pakona. Mkulu wina wa imvi anali atakhala pakampando pakhomo paja, atafunda jekete, akusenda nzimbe ndi kampeni. Anandipatsa moni, ndinagwada n'kuyankha.  Ndinabweza kapu ili yodzaza, n'kuthokoza, n'kupita kukaima pamzere wa basi.